Kaundula wa sukulu azitsatira mwana, asamangowerenga mitu

Nthawi imene ndinkaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina yozunguliridwa ndi maesiteti a fodya kuno ku Kasungu, ndinali ndi mtsikana wina amene ankakhala kutsogolo penipeni, mphuno pafupi ndi bolodi, chifukwa maso ake sankaona bwino patali. Masamu ankawatha kwabasi. Chapakati pa teremu yachitatu, mabelo atayamba kuyenda kupita ku okushoni ku Chinkhoma, malo ake anakhala opanda munthu. Ndinaitana dzina lake Lolemba, anzake anangoti, "Sanabwere, aphunzitsi." Sabata yotsatira anati, "Anasamuka." Kusamukira kuti, panalibe ankadziwa. Bambo ake anali atalandira zawo kwa bwana wa esiteti, banja lonse n'kukweza katundu pa lole. Ndinapitiriza kuitana dzinalo masabata atatu, kenaka ndinalemba mzere wofiira m'kaundula.

Itafika nthawi yodzaza fomu ya kalembera wa sukulu, ahedi anandiitana mu ofesi mwawo, cholembera chili m'manja. "Mwana uja timuike pati?" Fomuyo inkafuna kudziwa kuti ana osiyira sukulu panjira ndi angati ndipo anasiya chifukwa chiyani: mimba, ukwati, matenda, ntchito, kutalika kwa mtunda. Kalata ya transifa sanatenge, choncho sitikanamuika pa osamukira ku sukulu ina. Tinamuwerengera pa osiya sukulu pa zifukwa zina. Patatha zaka ziwiri ndinakumana naye pa msika, ali mu yunifolomu ya sukulu ya zoni ina. Anandigwadira n'kundiuza kuti ali mu Sitandade 5. Kumene anapitako analibe pepala lililonse losonyeza kumene anafika, ndiye anamubweza m'mbuyo.

Mwana ameneyu sanasiye sukulu, koma m'mabuku a dziko lino ali m'gulu la osiya. Chimene chinamuchitikira kwenikweni, kutaya zaka pa maphunziro chifukwa chosowa kapepala, sichinalembedwe paliponse. Ine ndi ahedi sitinaname. Tinayankha mokhulupirika funso limene tinafunsidwa, koma funsolo linali lofuna mitu ingati, osati ndani wapita kuti. Ndikulemba lero kunena kuti bola ngati ndondomeko yathu yosungira mbiri ya ophunzira ikungowerenga mitu kamodzi pa chaka, makompyuta ngakhale atachuluka bwanji ku Capital Hill, ana ngati uyu tizingowataya.

Kuti tiwachitire chilungamo amene anakhazikitsa ndondomekoyi, tikumbukire kumene tikuchokera. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anakhamukira ku sukulu, chiwerengero n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Walira mvula walira matope. Panafunika kudziwa mwachangu kuti anawo ali kuti, aphunzitsi atumizidwe kuti, midadada imangidwe kuti. Pa ntchito imeneyo, kuwerenga mitu kunali kokwanira. Dongosolo limene unduna wa zamaphunziro umalitcha EMIS limagwira ntchito motere mpaka pano: mphunzitsi wa kalasi amawerenga m'kaundula wake, ahedi amaphatikiza makalasi onse pa fomu, fomu imapita ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'zoni) kwa a PEA (mlangizi woyang'anira masukulu a m'zoniyo), kuchoka apo ku ofesi ya maphunziro pa boma, kenaka ku Lilongwe kumene kumatuluka buku la ziwerengero za chaka. Pa manambala amenewa mpamene pamatsamira zambiri: kagawidwe ka aphunzitsi atsopano, mabuku, madesiki, ndalama za SIG zimene sukulu zimalandira kuti zikonzere zimene zinalemba m'pulani yawo. Cholinga chimene boma linadziikira, choti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana osapitirira 60, chimayezedwanso ndi manambala omwewa.

Vuto lake n'lakuti Kasungu sakhala phee kuti ajambulidwe kamodzi pa chaka. Ndi boma la fodya, ndipo fodya amayendetsa anthu. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, nthawi yomweyo imene nazale zikufesedwa ndipo mabanja ofuna ntchito akufika m'maesiteti kuchokera ku maboma ena. Ena amafika teremu itayamba kale. Mu Januwale ndi Febuluwale, fodya akamathyoledwa ndi kusokedwa m'zigafa, njala nayo ili pachimake, kalasi imaphwa ngati dambo m'chilimwe. Msika ukamatha mabanja ena amanyamuka. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma kuyendayenda kwa anthu otsata ntchito ya fodya sikunathe ndi lamulo. Aliyense amene waphunzitsapo cha ku Santhe, ku Chamama, ku Chulu kapena kwa Wimbe akudziwa kuti kalasi imene uli nayo mu Okutobala si imene umalembetsa mayeso mu Julayi. Chiwerengero chikhoza kufanana, koma nkhope zasintha. Fomu ya mitu siiona kusinthako. Ana 10 akachoka, ena 10 n'kubwera, pa pepala palibe chachitika.

Pamwamba pa izi pali kuchuluka kwa ofunsa. Unduna uli ndi fomu yake. A MANEB amafuna mayina, zaka ndi zithunzi za ana a Sitandade 8, ndipo masiku ano kalembera wawo amachitikira pa intaneti. Mabungwe opereka phala amafuna chiwerengero chawo cha odya. Alangizi a zaumoyo akamabwera ndi mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba, kapena katemera wa atsikana woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amafuna mndandanda wawo. Bungwe lililonse limene lamanga chimbudzi kapena kugawa makope limabwera ndi pepala lake, mizere yake, tsiku lake lomaliza. Ndaonapo ahedi atakhala pa khonde usiku, tochi ya foni ili pakamwa, akuwonkhetsa anyamata ndi atsikana a zaka zakutizakuti chifukwa pa gulu la WhatsApp la zoni pabwera uthenga woti manambala afike mawa isanakwane 8 koloko. Bandulo yotumizira ndi ya m'thumba mwawo. Netiweki ikavuta, m'mawa amakwera njinga kupita ku TDC, kalasi imene amaphunzitsa n'kutsala ndi mwana wolemba mayina a olongolola.

Kenaka akuluakulu amadabwa kuti sukulu imodzi ili ndi ziwerengero zinayi zosiyana, n'kuyamba kunena kuti aphunzitsi ndi abodza. Nthawi zambiri si bodza. Wina anafunsa olembetsa, wina anafunsa obwera tsiku limenelo, wina anafunsa mu Novembala, wina mu Malichi. Onse analandira yankho loona la funso lawo, ndipo palibe anakhala pansi kugwirizanitsa mafunsowo.

Sindikana kuti chinyengo chilipo. Ndalama ndi zipangizo zikamatsatira kuchuluka kwa mitu, mtima wofuna kusiya m'kaundula mayina a ana amene anachoka kalekale umabwera, ndipo ahedi ena amagonja. Ena amachita zimenezi osati kuti adye, koma poopa kulandidwa mphunzitsi. Si chinsinsinso kuti ana ena obwereza Sitandade 8 amasintha dzina kapena kuchepetsa zaka kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Ndipo ngakhale popanda chinyengo, mayina athu amayenda. Mwana amalembetsa Sitandade 1 ndi dzina la bambo ake, banja likatha amapita kwa amalume n'kuyamba kutchulidwa la kuchikazi, pofika ku mayeso watenga dzina la ubatizo. Munthu mmodzi, mayina atatu, masukulu awiri. Koma taonani kuti zonsezi zimatheka chifukwa chimodzi: palibe chimene chimamanga mwana ku mbiri yake. Mutu wopanda dzina ndi wosavuta kuwonjezera, kuchotsa kapena kuwerenga kawiri.

Yankho sitikufunika kukalisaka kunja. Lili m'chikwama cha mayi aliyense wa mwana wamng'ono. Kabuku ka kusikelo kamayenda ndi mwana. Mayi akachoka ku Nkhamenya n'kukakhala ku Mtunthama, namwino wa kumeneko amatsegula kabukuko n'kuona katemera amene mwana analandira, kulemera kwake, matenda amene anadwala. Safunsa kalata yochokera ku chipatala chakale. Kabukuko kamang'ambika, kamanyowa, kamada ndi utsi, koma amayi amakasunga ngati ndalama, chifukwa anaona phindu lake. Achipatala anatha kuphunzitsa dziko lonse kuti mbiri ya mwana ndi ya mwanayo. Ife a maphunziro tinasiya mbiri ya mwana m'kabati ya ahedi, mmene chiswe chimaidya, ndipo mwana akasamuka amachoka chimanjamanja.

Mwana aliyense polowa Sitandade 1 apatsidwe nambala yake imodzi imene sadzasintha mpaka adzalembe mayeso a Sitandade 8, ndi kakhadi kolimba kolembapo nambalayo, kalasi imene wamaliza ndi mmene wakhozera teremu iliyonse. Nambala yomweyo ikhale m'kaundula wa kalasi, pa mndandanda wa phala, pa fomu ya unduna, mpaka kwa a MANEB. Kumene mwana ali ndi chiphaso cha kubadwa chochokera ku NRB, nambala ya sukulu imangiriridwe ku chiphasocho. Dziko lino linatha kulemba akuluakulu mamiliyoni ambiri m'kaundula wa unzika mu 2017, m'miyezi yowerengeka, mpaka m'midzi yopanda msewu. Luso lake tili nalo. Koma pano ndichenjeze mwamphamvu, chifukwa ndikudziwa mmene malangizo abwino amasandukira chikwapu akafika pansi: mwana asabwezedwe pa geti chifukwa alibe chiphaso kapena wataya kakhadi. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti pulayimale ndi yaulere ndiponso yokakamiza. Ana amene alibe mapepala ndi omwewo a m'maesiteti amene tikufuna kuwapeza. Alembedwe kaye, akhale m'kalasi, mapepala azitsatira pambuyo.

Transifa nayonso isamakhale katundu wa kholo lokha. Bambo amene wauzidwa madzulo kuti lole inyamuka mbandakucha sangadikire ahedi kuti adinde kalata. Sukulu imene yalandira mwana ndiyo izifunsa mbiri yake ku sukulu yakale kudzera ku TDC. Nambala ikaonekera kwina, mzere wofiira wa kuno usinthe kukhala "anasamukira kwakuti". Nambala ikapanda kuonekera paliponse patatha mwezi, pamenepo ndiye tadziwa kuti mwana wasowadi, ndipo tili ndi dzina, mudzi ndi mfumu yake.

Ena anena kuti zonsezi zitheka pokhapokha sukulu iliyonse itakhala ndi kompyuta ndi intaneti, choncho tidikire. Ena akuti tisadikire n'komwe, tigule matabuleti basi, vuto latha. Onsewa sindigwirizana nawo. Matabuleti afika kale m'sukulu zambiri kudzera m'pulogalamu ya BEFIT, imene ikuthandiza ana a makalasi ang'onoang'ono kuwerenga ndi masamu, ndipo amabwera ndi sola yotchajira. Ndi chinthu chabwino, ndipo sola imeneyo ikhoza kutchajanso foni ya ahedi. Koma chipangizo chimangonyamula zimene mwachipatsa. Kaundula wa kalasi akakhala wosalongosoka, tabuleti ingofulumizitsa zolakwikazo kufika ku Lilongwe. Maziko ndi mphunzitsi amene amaitana mayina m'mawa uliwonse, ndipo mphunzitsiyo nthawi zina alibe ngakhale buku lenileni la kaundula. Ine ndajambulapo mizere ndi rula m'kope la mwana wa sukulu, masamba n'kutha teremu isanathe. M'kalasi ya ana opitirira 100, kuitana mayina onse kumadya gawo lalikulu la phunziro loyamba, ndiye aphunzitsi ambiri amangowerenga mizere n'kulemba chiwerengero pa ngodya ya bolodi. Sindiwadzudzula. Koma n'zotheka kugawa ana m'magulu a khumikhumi, mtsogoleri wa gulu n'kumanena amene sanabwere, ntchito n'kutha m'mphindi zochepa. Aphunzitsi ena amachita kale zimenezi popanda wowauza.

Kompyuta ikhale pa TDC. Zoni iliyonse ili ndi masukulu owerengeka amene a PEA amawadziwa ndi maso, ndipo pamenepo mpoyenera kukhala khomo limodzi lolowera ndi kutulukira manambala. Pakhale munthu amene ntchito yake ndi imeneyi basi, wokhala ndi laputopu yogwira ntchito, magetsi a sola ndi bandulo yolipiridwa ndi boma, osati mphunzitsi wobwerekedwa amene kalasi yake ikumudikira. Sukulu ipereke mndandanda wake kamodzi pa mwezi. Bungwe lililonse lofuna chiwerengero, kaya ndi la phala kaya la zaumoyo, likatenge ku TDC kapena ku ofesi ya pa boma, lisiye kusokoneza ahedi pakati pa phunziro. Khonsolo ya boma ili ndi mphamvu yolamula zimenezi, popeza maphunziro a pulayimale anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Bungwe limene likufuna kugwira ntchito m'sukulu za Kasungu livomere kugwiritsa ntchito nambala ya mwana yomweyo, apo ayi lifotokoze chifukwa chake likufuna kuwerenga mwa lokha.

Pali nkhawa ina imene ndimaiona kuti ndi yomveka, ndipo siyenera kukankhidwira pambali. Tikayamba kusunga mayina m'malo mwa mitu, tikusunganso zinsinsi za ana: uyu ndi wamasiye, uyu ali ndi ulumali, uyu anachoka chifukwa cha mimba n'kubwerera atabereka, monga mmene ndondomeko yobwezera atsikana ku sukulu yakhala ikulolera kuyambira 1993. Lero lino zinthu zoterezi zimajambulidwa pa foni n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp la anthu makumi angapo, foni yomweyo n'kubwerekedwa ndi mwana wa ahedi madzulo. Ndaonapo mayina a ana amasiye atamatidwa pa khoma la ofesi mmene aliyense wolowa amawerenga. Dziko lino tsopano lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, ndipo mwana wa pulayimale ya kumudzi ali pansi pa chitetezo chake mofanana ndi mwini akaunti ku banki. Pa khoma pazikhala ziwerengero. Mayina ndi zifukwa zikhale m'kabati yokiya ndi m'kompyuta yofuna mawu achinsinsi, ndipo zidziwike kuti wololedwa kuziona ndani. Kusunga mosamala n'kotheka pamene khomo lili limodzi. Pamene aliyense ali ndi fomu yake, zinsinsi za ana zili kale mbwee m'zikwama za anthu osawadziwa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndachisungira kumapeto. M'zaka zonse zimene ndinkadzaza mafomu, sindinaonepo ngakhale tsiku limodzi manambala athu atabwerera kwa ife. Amapita kumtunda ngati utsi. Mphunzitsi amene sadzaona phindu la chimene akulemba amachilemba mongochotsa mlandu, ndipo ndi pamenepo pamayambira manambala ongoganizira. Tayerekezani kuti kumayambiriro kwa teremu iliyonse sukulu ikulandira tsamba limodzi lokha, m'Chichewa chomveka, lonena kuti Sitandade 3 yanu ndiyo ikujombedwa kwambiri, atsikana anu akuyamba kuchepa kuchokera Sitandade 6, mphunzitsi mmodzi pano ali ndi ana ochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi sukulu ya pa trading. Tsamba limenelo liwerengedwe pa msonkhano wa makolo, komiti ya sukulu ilipo, a gulupu alipo. Mkangano wa mmene tigwiritsire ntchito ndalama za SIG ungasinthe, chifukwa anthu akhala akukangana ndi chinthu chooneka. Makolo angathe kupita kwa khansala wawo ali ndi pepala m'manja kukafunsa chifukwa chimene aphunzitsi atsopano amathera m'sukulu za m'mbali mwa msewu wa M1 pamene za kufupi ndi nkhalango ya Kasungu zili ndi aphunzitsi owerengeka. Nkhani ya kusagawika bwino kwa aphunzitsi aliyense amaidziwa, koma imakambidwa ngati mphekesera chifukwa umboni wake uli ku Lilongwe.

Ndipo amayi a Mother Group, gulu lolimbikitsa atsikana kukhalabe pa sukulu, amene amayenda wapansi khomo ndi khomo popanda malipiro, akhoza kupatsidwa Lachisanu lililonse mayina a ana amene sanaoneke sabata yonse. Iwo sangagwire ntchito ndi "atsikana 7". Amafuna kudziwa kuti ndi mwana wa kwa yani, kuti akafike Loweruka nkhani ya ukwati isanapse. Fomu imene imafika ku likulu chaka chitatha imangotiuza kuti tinaluza angati.

Zina mwa izi zikufuna ndalama ndi chilolezo cha unduna, ndipo zitenga nthawi. Koma chilipo chimene a PEA aliyense kuno angayambe mwezi uno popanda kupempha kwa wina. Ahedi amakumana kale ku TDC. Pa msonkhano umenewo aliyense abwere ndi mapepala awiri, lina la ana amene achoka pa sukulu yake chitsegulireni teremu, lina la amene afika, pali dzina la mwana, la kholo ndi mudzi. Awerengerane mokweza asanayambe nkhani zina. Mayina ena apezana pomwepo, ndipo mwana amene wabwezedwa kalasi molakwika akwezedwa sabata yomweyo. Otsalawo a PEA awatumize kwa anzawo a zoni zoyandikana, ndipo amene sanapezekebe aperekedwe kwa mafumu ndi kwa mabwana a maesiteti, amene amadziwa bwino lole imene inanyamula banja lililonse ndi kumene inalowera.